Mlatho wothirira pomwepo kapena woumbiratu kwina? Zomwe ndinayankhula pa msonkhano wa kalabu

Mutamva mutu umene ndasankha, ena munaseka. Akuti munthu wongomaliza kumene Folomu 4, wopanda ngakhale njinga, za milatho akuzidziwira kuti? Sekani ndithu, koma mundimvere kaye.

Chaka chatha anandiitana kumayeso a ntchito pa sitolo ina m'tauni. Nthawi inali 8 koloko, ine ndinakwera minibasi 6 koloko isanakwane. Titafika pomwe ankakonza msewu tinapeza atseka mbali imodzi, magalimoto onse akupanikizana m'kanjira kafumbi. Tinaima. Kondakitala mpaka anatsika kukagula mandasi n'kubwerera, tili pomwepo. Ndinafika malaya oyera atafiira, alonda n'kungoti, "Anzanu alowa kale, bwererani." Kaya ntchitoyo ndikanaipeza kaya ayi, koma kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: kodi kumanga msewu kapena mlatho m'tauni n'kofunikadi kutsekera anthu njira miyezi yambirimbiri?

Njira zomangira zilipo ziwiri, ndipo zonse mumazidziwa kale. Yoyamba ndi imene tinazolowera. Amaimika nsanja yazitsulo, amakhoma matabwa kupanga chikombole chachikulu, amaluka zitsulo m'katimo, kenako amathira konkire pomwepo. Akatero amadikira. Konkire simauma ngati matope ayi, imalimba chifukwa simenti ikugwirana ndi madzi, n'chifukwa chake amaithirira madzi masiku oyambirira. Mphamvu imene mainjiniya amawerengera ndi imene konkire imakhala nayo pakatha masiku 28. Konkire isanalimbe mokwanira, nsanja ija siichoka. Tsono ngati pansi pake pali msewu, ndi msewuwo umene ukupanikizika. Akamaliza chigawo chimodzi, ayambenso china.

Yachiwiri ndi youmbiratu kwina. Taganizani za mabuloko a simenti. Palibe amene amaumbira buloko pakhoma. Amaumba pabwalo, amathirira madzi, akalimba ndi pomwe amawanyamula. Mapaipi akuluakulu a konkire omwe amakwirira pansi pa msewu kuti madzi azidutsa nawonso amabwera oumbaumba. Ndiye kulitsani maganizo amenewo: mitanda ya mlatho, zidutswa za pamwamba pomwe magalimoto amaponda, nthawi zina ngakhale mizati, amaziumbira kubwalo lakutali ndi msewu. M'kati mwa mitandayo amaikamo zingwe zazitsulo zokoka kwambiri kuti konkire ikhale yofinyika, isamang'aluke ikalemedwa. Masiku 28 aja amathera kubwalo komweko, anthu akuyenda bwinobwino m'tauni. Kenako usiku umodzi malole abweretsa, kireni inyamula, aika pamizati.

Chitsanzo chimene chinandisowetsa tulo ndi cha ku Beijing, ku China. Mu Novembala 2015 anachotsa pamwamba pa mlatho wakale wa Sanyuan n'kuikapo china chatsopano cholemera matani pafupifupi 1,300, ntchito yonse maola 43. Anayamba Lachisanu usiku, pofika Lolemba anthu opita kuntchito anadutsa pa mlatho watsopano. Kanema wake alipo pa YouTube, amene muli ndi bandulo mukaone. Koma musanamizike ngati mmene ndinanamizikira ine poyamba. Mlathowo sanaumange m'maola 43. Anaupanga kwa nthawi yaitali kwina, maola 43 ndi omwe anatseka msewu basi. Kwa ine kusiyana kwenikweni kwa njira ziwirizi kuli pamenepo: ntchito n'njambiri konsekonse, funso ndi lakuti kudikirako kukuchitikira pati, kubwalo la kontirakita kapena m'minibasi mwathu.

Ndipo kudikira kumeneku kuli ndi mtengo umene sulembedwa pachikwangwani chija amaimika pambali pa msewu. Pachikwangwani amalemba dzina la ntchito, wopereka ndalama, womanga. Salemba mafuta omwe minibasi yawotcha itaima, omwe mawa lake akwera pa mtengo wa ulendo. Salemba mayi wa tomato amene makasitomala ake athawa fumbi, kapena ambulansi imene ikuliza belu popanda pothawira.

Mwina mukuti ndiye basi, tizingoumbiratu kwina. Sizophweka choncho. Mtanda umodzi umalemera matani ambiri, ndiye pamafunika kireni yamphamvu, malole aatali, ndi njira yoti malolewo akhote bwino. Makina otere kuno sitipanga, ogula ndi ndalama zakunja, ndipo nkhani ya ndalama zakunja sindikufunika kukufotokozerani. Kukhazikitsa bwalo loumbira chifukwa cha kamlatho kamodzi n'kuwononga. Zimapindula ngati zidutswa zofanana zili zambiri, chikombole chimodzi n'kumachigwiritsa ntchito kambirimbiri. Palinso polumikizira. Mlatho wothirira pomwepo umagwirana ngati chinthu chimodzi, pomwe woumbiratu uli ndi malo ambiri olumikiza, ndipo akalumikiza mwachisawawa madzi amalowera pomwepo n'kuyamba kudya zitsulo.

Za ngozi ndiye ndikufuna tisamale, chifukwa mbali iliyonse imakonda kuloza maliro a inzake. Pa 14 Okutobala 2015, ku Johannesburg, nsanja yongoyembekezera imene anaimika pomanga mlatho wa oyenda pansi pafupi ndi Grayston Drive inagwera pa msewu waukulu wa M1, anthu awiri anafa. Kumeneko n'kuopsa kogwira ntchito pamwamba pa msewu umene magalimoto akudutsa, chinthu chimene njira youmbiratu imafuna kuchepetsa. Koma tamvani izi. Ku Miami, ku America, pafupi ndi yunivesite ya Florida International, anaumba mlatho wa oyenda pansi pambali pa msewu, wolemera matani 950, n'kuunyamula kuuika pamalo pake pa 10 Malichi 2018. Anthu anaombera m'manja. Pa 15 Malichi unagwera magalimoto, anthu 6 anafa. Ofufuza anapeza kuti masamu a pulani yake anali olakwika. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ming'alu inali itaoneka kale, akuluakulu anaidziwa, anakambirana m'mawa wa tsiku lomwelo, koma msewu wapansi sanautseke. Ine amene ndayamba n'kudandaula za kutseka misewu, apa ndikuti akanatseka.

Tsopano ndibwere pa zathu, ife achinyamata. Wina anandinong'oneza tisanayambe kuti, "Iwe, ukufuna kutilanda ganyu?" Ali ndi mfundo. Njira yakale imalemba anthu ambiri pamalopo: onyamula matabwa, okankha wilibala, othirira madzi, oimitsa magalimoto ndi mbendera. Ambiri a ife ndalama yoyamba tinaigwirira pa ntchito zotere, ndipo sindingainyoze. Njira youmbiratu imafuna anthu ochepa pamsewu, ndipo omwe imawafuna ndi aluso: owotcherera zitsulo, oyendetsa kireni, oyeza ndi makina, oyesa konkire ngati yalimba. Vuto la ganyu mukulidziwa, mlatho ukatha nayonso yatha. Pomwe bwalo loumbira likakhazikika lingathe kumapanga mitanda lero, mawa mapaipi, mkuja zina, ntchito osaduka. Koma ngati ife tilibe mapepala a luso, ntchito zimenezo adzagwira ndi anthu obwera, ife tikuonerera kuseri kwa mpanda.

Komanso tisamaone ngati zopangiratu kwina n'zachilendo kwa ife. Milatho yazitsulo ija timaitcha ya Bailey, yodutsa galimoto imodzi imodzi, imene mumaiona m'misewu ina ya kumidzi, ndi yopangiratu. Anaikonza ndi Mngelezi wina, Donald Bailey, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuti asilikali azinyamula zidutswa zake pamanja n'kulumikiza popanda kireni. Namondwe wa Freddy atakokolola milatho kum'mwera mu Malichi 2023, anthu omwe anatsekeredwa tsidya lina sankafuna kumva za masiku 28.

Maganizo anga ndi awa. Kumudzi komwe malo alipo, magalimoto ndi ochepa, anthu ofuna ntchito ndi ambiri, thirani pomwepo. Koma pakati pa Lilongwe kapena Blantyre, pomwe msewu umodzi ukatsekeka theka la mzinda laima, maziko ndi mizati athire pomwepo poti nthaka siinyamulika, za pamwambazo aumbiretu kwina, adzaike usiku. Ndipo posankha kontirakita asamangofunsa kuti ndalama zingati, azifunsanso kuti msewu autseka masiku angati.

Ine ndaganiza zofunsira malo ku koleji ya ntchito zamanja kuti ndikaphunzire kuwotcherera zitsulo. Amene akufuna tikafunsire limodzi za mafomu andipeze tikatuluka. A Tcheyamani akundilozera wotchi, ndiye mafunso abwere.