Kametedwe ka Pakhosi ndi Lumo

 Masiku onse mumandimva ndikulankhula za mizere, manyowa ndi nkhokwe. Lero ndapatukako pang'ono, ndipo musandiseke. Poyenda m'misonkhano yathu ndaona amuna ambiri ali ndi ziphuphu pakhosi, ena zofika potuluka mafinya, kotero kuti kumanga batani la pakhosi pa malaya n'kosatheka. Ine ndemwe ndinasauka nazo zaka ziwiri. Ndinkada sopo, ndinkada lumo, koma cholakwa chinali dzanja langa. Ndikunena za lumo lalitali lija lopinda, limene munthu amanola yekha nalisunga zaka zambiri.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi: ndevu za pakhosi sizimera moloza mbali imodzi. Za m'masaya zimaloza pansi, koma za pakhosi zili ngati udzu umene mphepo yaugoneka. Kunsi kwa chibwano zimaloza pansi kapena cham'mbali, m'munsi mwa khosi kwa anthu ambiri zimaloza kumwamba, ndipo kwa ena pali pamene zimachita kuzungulira. Munthu aliyense ali ndi kameredwe kake. Tsono lekani kumeta masiku awiri, musisite khosi ndi chala. Kumene chala chikuyenda mosalala ndiko kumene ndevu zikuloza, ndipo lumo liyende komweko. Pamene chala chikumva kukhakhala, dziwani kuti mukutsutsana nazo.

Kodi kutsutsana nazo kuli ndi kanthu? Inde, makamaka kwa ife a tsitsi lopotana. Mukalidula motsutsa, tsitsi limaduka pafupi kwambiri, mwina m'kati mwa khungu, nilitsala ndi nsonga yakuthwa ngati chitsa cha bango lodulidwa mopendeketsa. Pomeranso limapinda, nilibaya khungu, ndipo thupi limalimbana nalo monga limachitira ndi munga. Kutupa kuja ndiye kumeneko. Si nthenda yotengera kwa mnzako ayi, ndiponso si uve. Chotero kufunafuna khosi losalala ngati la mwana ndiko kumene kumatipweteka. Lumo lipite kamodzi, motsata ndevu, basi. Tizitsa tating'ono tikatsala, tilekeni. Palibe amene adzatione pabwalo.

Musamete ndevu zouma. Nonse mukudziwa chimene nthaka youma imachita ndi khasu. Nthawi yabwino ndi pamene mwangosamba kumene, kapena viikani nsalu m'madzi ofunda, muikulunge pakhosi mphindi 3. Pakani thovu la sopo lambiri, ndipo likayamba kuuma musanathe, pakaninso.

Lumo lobuntha limazula m'malo modula, ndipo munthu amayamba kulikanikiza. Musanamete lipititseni pa lamba wachikopa wokoka bwino, maulendo 20 kapena 30. Ligoneke lonse pachikopa, msana wake utsogole, kukamwa kwake kutsatire, ndipo pobwerera litembenuzireni pamsana. Mwala wonolera ndi wa kamodzikamodzi, ndipo ukhale wosalala. Uja wa nkhwangwa ndi chikwanje usayandikire lumo lanu, chonde. Ndinaona lumo labwino litasanduka sowo tsiku limodzi.

Tsopano pakhosi penipeni. Kwezani chibwano pang'ono, ndipo ndi dzanja linalo gwirani khungu kuti lisakhale ndi makwinya. Kugwira kokha, osati kukoka ngati mukukunga ng'oma, pakuti khungu lokokedwa kwambiri likabwerera limameza nsonga ya tsitsi. Lumo lisaime chilili: msana wake utukuke pakhungu pang'ono chabe, mpata wokwana misana iwiri ya lumo lomwelo. Musalikanikize, ndipo liyende mitunda yaifupi, masentimita awiri kapena atatu, nkulipukuta. Chachikulu, lumo liyende chamtsogolo, lisatsetsereke cham'mbali monga timachekera nyama, chifukwa mabala ambiri amabwera motero. Pakholingo musapititse lumo pamwamba pa chotupa chija. Kokerani khungu pambali, mumete pamalo pafulati, kenaka mbali inayo chimodzimodzi. Mwana akamasewera pafupi, kapena wina akakuitanani, yambani mwachotsa lumo pakhosi musanatembenuke.

Mukatha sambani ndi madzi ozizira, mudzole mafuta pang'ono. Lumo mulipukute liume, popeza dzimbiri limayambira kukamwa kwake.

Nanga amene ziphuphu ali nazo kale? Lumo lipume masabata atatu kapena anayi, ndipo ndevu muzingozifupikitsa ndi sizasi. Zambiri zimaphwa zokha tsitsi likatalika. Mukaona tsitsi lopinda lolowa m'khungu, tukulani nsonga yake ndi singano yowiritsa, koma musalizule ndiponso musakumbe. Pakakhala mafinya, kapena zipsera zolimba zimene zikukulirakulira, pitani kuchipatala msanga.

Mawu otsiriza ndi anu, mafumu. Khosi ndi pamalo pamene lumo limatema kawirikawiri, ngakhale m'manja mwa katswiri, ndipo magazi otsala palumo sachita kuoneka. Kachilombo ka nthenda ya chiwindi yotchedwa hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo masiku 7 m'magazi ouma, ndipo HIV nayonso imayenda m'magazi. Kutsuka ndi madzi okha sikukwanira. Ndikudziwa kuti kukaniza mbale wako lumo kumaoneka ngati umbombo, ndipo patsiku la kumeta maliro n'kovuta kuti wachinyamata anene zimenezi pamaso pa akulu. Inu ndinu amene mungazinene popanda wokwiya. Polengeza tsikulo, onjezani kuti aliyense abwere ndi lumo lake kapena lezala latsopano.