Za Mbaula M'nyumba Zathu za Malata



Pa tsiku la chikondwerero ngati lino tikadangonena zokoma. Koma ife a komiti tinagwirizana kuti tikambe za moto wa m'nyumba, popeza m'nyengo yozizira yapitayi tinatsala pang'ono kuika maliro atatu a banja limodzi.

Banjali linagulitsa bwino fodya ku Chinkhoma, nilimanga nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, siling'i ndi mazenera a galasi. Tonse tinakaiona ndi kuyamika Mulungu. Usiku wina wa mwezi wa Juni kunazizira koopsa, bambo ali pa ulendo. Mayi analoŵetsa mbaula ya makala kuchipinda kuti ana aŵiri afundidwe, natseka chitseko, mpata wa pansi pake naikapo chiguduli. M'maŵa apongozi ake poona kuti dzuŵa lakwera koma pabwalo mposasesa, anaitana anyamata nathyola chitseko. Anawapeza ali lefuu, wamng'ono atasanza. Anachira kuchipatala.

Zimene zinatimvetsa chisoni nzakuti anthu, ena a iwo ovala yunifolomu yathu yomweyi, anayamba kunong'onezana kuti wina wachita nsanje ndi nyumba yatsopano. Amayi, sunali ufiti ayi. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha. Utsi wa nkhuni umatsokomoletsa, munthu nathaŵa. Koma uwu umangogonetsa. Mutu umaŵaŵa, kenaka chizungulire, nseru, miyendo kufooka, ndipo amene ali m'tulo sadzukanso. Makanda, amayi oyembekezera ndi nkhalamba ndiwo amayamba kugwa.

Mwina wina anena kuti, "Nanga agogo athu sankagona ndi moto?" Inde, koma nyumba zao zinali za udzu, ndipo mpweya unkatulukira kudenga ndi m'mipata ya pakhoma. Zathuzi nzotseka ngati botolo. Ndipo taonani amuna athu: pomanga balani ya fodya wootcha saiŵala mapaipi ndi chumuni, chifukwa utsi ungaononge fodya. Koma pomanga nyumba yogona ana ao, chumuni palibe! Tiyeni tiwakumbutse mwaulemu njerwa zisanafike pamwamba.

Tsono mbaula iyakire pakhonde kapena m'khitchini ya panja. Mukafuna kuotha m'nyumba, zenera ndi chitseko zikhale zotsegula, ndipo pogona itulutseni ngakhale makala aoneke ngati azima, pakuti pansi pa phulusa amayakabe. Ana afunditseni mabulangete, agone pamodzi. Chitetezo mbaula imasunga nkhuni ndithu, koma nayonso si ya kuchipinda.

Ena ana athu a m'tauni atigulira masitovu a gasi. Nawonso amafuna zenera lotsegula. Laŵi lake likhale lobiriŵira ngati thambo. Likachita chikasu, sitovu yafuna wokonza. Mukamva fungo la gasi musayatse machesi: tsekani botolo, tsegulani zitseko.

Mukapeza munthu atakomoka pafupi ndi mbaula, mtulutsireni panja msanga, musammwetse kanthu, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka.

Mwezi wa Meyi, poyendera odwala ndi amasiye, tidzayenda aŵiriaŵiri kuona pamene agogo athu amaika mbaula usiku. Amene ali ndi bulangete lapadera alipereke kwa Msungichuma lisanafike Sabata la Pasaka.