Boti Silikonzedwa pa Lamya



Munthu woyenda m'mbali mwa nyanja kuchokera kuno ku Lifuwu kulowera ku Senga Bay salephera kuona maboti a matabwa atagonekedwa pamchenga, nthiti zili poyera. Eni ake ambiri adakalamba, ndipo ana awo ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Mangalande. Masiku ano anawo akamva chisoni ndi boti la atate awo amatsegula gulu pa WhatsApp, nasonkherana marandi ndi mapaundi, natumiza kumudzi pa lamya. Mtima wake ndi wabwino, pakuti mutu umodzi susenza denga. Komabe maboti ena amabwereradi m'madzi, pamene ena amawolera pomwepo ndalama zitatumizidwa kale. Kusiyanaku kumachokera pati?

Nyanja ino ili ndi chitsanzo chachikulu. M'mwezi wa Seputembala 1895, Bishopu Chauncy Maples wa mishoni ya UMCA adamira boti lake litagubuduzika ndi namondwe ali pa ulendo wopita ku Likoma, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Akhristu a ku Mangalande adasonkha ndalama zopangira sitima yomukumbukira. Sitimayo idapangidwa ku Glasgow mu 1899, niphwasulidwa m'zidutswa zoposa 3,000 zomwe zidadzera mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire. Pamene mathithi adatseka njira, anthu a dziko lino adasenza zitsulozo pamutu. Italumikizidwanso, idalowa m'madzi mu 1901, ndipo idakhala tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyandama. Mu 1953 idapita m'manja mwa boma, ndipo pambuyo pake idanyamula anthu ndi katundu kufikira itatopa n'kukocheza ku Monkey Bay.

Cha m'ma 2009 anthu akufuna kwabwino ku Britain adakhazikitsa bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust, lomwe mlembi wa mabuku Janie Hampton adalilimbikira kwambiri. Cholinga chidali chakuti sitimayo ikonzedwe, ikhale chipatala choyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja kumene galimoto safika. Kampani ya ku London ya Thomas Miller idathandiza, anthu wamba adaponya zawo, ndipo ntchito idayambadi ku Monkey Bay. Koma chipatalacho sichidayambe ulendo wake. Sitimayo idali yachitsulo, osati ya matabwa, koma chinthu chimodzi chikuonekera poyera: ulendo woyamba ndalama za kutali zidapeza pano anthu ozilandira, amisiri olumikiza, ndi ntchito yodikira sitimayo tsiku ndi tsiku. Kukonza chombo chakale uli kutsidya kwa nyanja zamchere ndi katundu wolemera koposa kupanga chatsopano.

Chifukwa chake amisiri a maboti amachidziwa bwino. Chombo chakale chimabisa matenda ake. Mmisiri akazula thabwa limodzi lofumbwa amapeza kuti nthiti ya pansi pake idawola, misomali idachita dzimbiri, ndipo msana wa boti udapindika. Mtengo umene adatchula poyamba umasanduka chiyambi chabe. Wosonkhetsa ndalama ali ku Cape Town amangoona chithunzi cha mbali yopakidwa penti. Sangabaye thabwa ndi mpeni kuti amve ngati lili lolimba. Akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Choncho asanapemphe tambala kwa munthu, boti liyambe lasegulidwa ndi kuyesedwa ndi mmisiri, pamaso pa mboni ziwiri kapena zitatu zosadya nawo ndalamazo, ndipo nyakwawa adziwe.

Ndalama nazo zili ndi mwambo wake. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo amene adali atasintha kale marandi onse n'kusunga makwacha adadzuka ndalama zawo zisakukwanira matabwa omwe adawerengera. Nzeru ndi kutumiza pang'onopang'ono: za matabwa, matabwa akaoneka, za misomali, thonje lomatira m'mipata ndi phula, nthiti zikaima, za mmisiri, gawo lililonse likatha. Zonse zilembedwe m'buku, ndipo bukulo liwerengedwe kwa onse osonkha, ngakhale amene adapereka zochepa. Chibale chambiri chatha chifukwa cha ndalama zosalembedwa, ndipo chibale chikang'ambika sichimatika ndi phula.

Mitengo nayo yasintha. Makolo ankasema mabwato ndi kasemasema kuchokera ku mitengo ikuluikulu monga mbawa ndi chonya, ndipo mlombwa unkapereka matabwa osawola msanga. Lero mitengo yotere yasowa, ndipo amisiri ambiri akugwiritsa ntchito paini ndi bulugamu. Thabwa laliwisi likakhomedwa limafota padzuwa, mpata n'kutseguka. Wokhala kunja amafulumiza ntchito kuti aonetse anzake chithunzi, koma thabwa limauma pa nthawi yake, ndipo mwera wa mu Juni ndi Julaye sumvera za pa WhatsApp. Boti lomangidwa mothamanga limanyamula miyoyo ya ana a eni.

Funso lalikulu koposa limaiwalika kawirikawiri: boti likatha, lidzakhala la yani, ndipo lidzagwira ntchito yanji? Boti losayenda limafa msanga kuposa loyenda. Likhale ndi mwini wodziwika wolikokera pamtunda, wokapa madzi, wolimata chaka ndi chaka, ndipo gawo la usipa ndi utaka womwe lagwira lizisungidwa kuti lidzalikonzenso. Boma lino la Salima lili ndi umboni pa chilumba cha Mbenji. Kuyambira zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka usodzi pachilumbacho nyengo ya dzinja, nutsegula mvula ikatha. Lamulolo lakhalitsa chifukwa olisunga amagona pafupi ndi madziwo, ndipo wolakwa amaweruzidwa ndi anthu omudziwa nkhope.

Ana a Lifuwu okhala kunja asagwe mphwayi. Thukuta lawo ndi dalitso, ndipo popanda ilo maboti ambiri sakadaukanso. Koma pa ndalama iliyonse yogulira thabwa pakhale ina yoti mnyamata kapena mtsikana wa pamudzi akhale pambali pa mmisiri, aphunzire kupinda thabwa ndi kumata mpata. Amisiri okalamba akutha, ndipo luso lawo silidalembedwe m'buku lililonse. Boti limodzi likakonzedwa lidzayenda zaka zowerengeka. Mmisiri mmodzi akaphunzitsidwa adzakonza maboti a doko lonse kufikira imvi.