KODI NKHALAMBA ZA M'KOMBONI ZINALEMBEDWA M'BUKU LITI?

Awa ndi mau amene mmodzi wa alembi a nthambi yathu analankhula pa msonkhano wa anchito muno mu Lusaka. Tawalemba monga anawanenera.



Ine sindine munthu wa sukulu yaikuru. Ndinalekeza mu Giredi 7, ndipo nchito imene ndidziwa ndi ya ukalaliki, pakuti ndinakhala zaka 6 ku migodi ya ku Copperbelt ndiri kulemba maina a anthu olowa pansi ndi oturuka, kufikira caka ca 2015 pamene mtengo wa kopa unagwa ndipo ambiri tinacotsedwa. Pa nchito ija ndinaphunzira cinthu cimodzi. Munthu akhoza kugwira nchito usiku wonse pansi pa nthaka, anzace onse namuona ndi maso, koma ngati dzina lace silinalowe m'buku la kalaliki, pa tsiku la malipiro munthu uja sanagwire nchito. Alire, alumbire, aitane mboni, buku silimva. Cifukwa cace lero, pokamba za nkhalamba zathu za m'komboni ndi thandizo limene Boma ndi Khonsolo ziyenera kuzipatsa, ine sindifunsa ngati thandizo liripo. Ndifunsa kuti, kodi agogo a pa nyumba panu analembedwa m'buku liti?

Tiyambe ndi kumene tinacokera. Pa masiku a Azungu tauni sinali malo a nkhalamba. Munthu wakuda analoledwa kukhala ku Kitwe, ku Luanshya kapena muno mu Lusaka cifukwa ca manja ace cabe. Anayenda ndi citupa, analipidwa atatha tikiti ya masiku 30, ndipo nyumba imene anagonamo inali ya kampani kapena ya Khonsolo, yomangirizidwa ku nchito. Nchito ikatha, nyumba yatha. Mphamvu zikamthera, kapena cifuwa ca fumbi la miyala cikamgwira, anambweza kumudzi kuti akasungidwe ndi abale amene sanaone ngakhale kobiri la malipiro ace. Mudzi ndiwo unali penshoni ya mgodi, ndipo kampani sinalipire mudziwo kanthu. Iwo amene anakana kubwerera anachedwa machona, ngati kuti kukalambira pamalo pamene unatayira thukuta lako ndi mlandu. Ndipo tinthu tating'ono timene Khonsolo inacitira anthu akuda m'komboni, monga holo ndi bwalo la mpira, ndarama zace zinacokera ku nyumba za mowa za Khonsolo yomweyo. Tate amwe kuti mwana apeze poseŵera. Limenelo ndilo linali thandizo la Azungu.

Makolo athu anatentha zitupa zija mu 1961, ndipo pa 24 October 1964 dziko linakhala lathu. Mu 1966 Boma linayambitsa Provident Fund kuti wanchito asunge kanthu ka ukalamba wace. Anthu anayamba kukalambira m'tauni popanda mthenga wa Boma wowathamangitsa. Mu 1996 nyumba za Khonsolo zinagulitsidwa kwa amene anali kukhalamo, cotero nkhalamba zambiri za ku Matero ndi ku Chilenje ziri ndi denga lao-lao. Koma taonani cimene cinatsalira. Maganizo akale aja, akuti wokalamba apite kumudzi, sanaturuke m'mitu yathu. Mai amene anabadwira ku Matero, nakwatiwira komweko, naika ana ace ku manda a muno, lero ali ndi zaka 70, kodi mudzi wace ndi uti? Mukamuuza kuti apite ku Petauke kwa makolo ace, adzafikira pa khomo la yani? Mudzi wace ndi wadi ino. Mfumu yace ndi khansala amene tinasankha ife tomwe.

Tsopano za mabuku. Loyamba likhudza inu amene mukali ndi mphamvu, ndipo ndiyamba ndi inu pakuti mawa nkhalamba ndinu. Provident Fund inalowedwa m'malo ndi NAPSA, imene inayamba nchito mu 2000. Pa K100 iriyonse ya malipiro anu bwana acotsa K5, iyenso aonjezapo K5 yace, ndipo ayenera kuzitumiza zonse mwezi ndi mwezi. Kuti mudzalandire penshoni ya mwezi uliwonse kufikira imfa, pafunika miyezi 180 yolembedwa, ndizo zaka 15. Ikaperewera mudzapatsidwa ndarama za kamodzi, ndipo za kamodzi tizidziwa tonse mathedwe ace: malata pang'ono, maliro awiri, basi. Lamulo la 2015 linaika msinkhu wopumira pa zaka 60, ngakhale munthu akhoza kupuma pa 55 kapena kufika 65.

Ndinali ndi mkuru wina pa nchito, wokoka mapaipi pansi, amene anagwirira makontrakita osiyana-siyana zaka zambiri. Pa pepala la malipiro ndarama zinali kucotsedwa bwino-bwino mwezi uliwonse, ndipo iye sanakaike konse. Tsiku limene anapita kukafunsa za penshoni yace anapeza kuti kontrakita mmodzi anali kucotsa koma osatumiza, ndipo wina analemba dzina lace mosiyana ndi la pa reji, cotero miyezi ina inagwera munthu amene kulibe. Kontrakita woyamba uja anali atatseka kale, mwini wace osadziwika kumene anapita. Mkuru uja anandiyang'ana ine, pakuti ndinali kalaliki, nati, Mwana wanga, iwe unandiona ndiri kulowa pansi masiku onse. Ndinamuonadi. Koma umboni wanga sunathe kubweza mwezi ngakhale umodzi. Fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Cifukwa cace, inu alonda, inu a m'mafakitale, inu ogwira nchito m'nyumba za anthu, pitani mukafunse pepala la miyezi yanu caka cino, bwana akali pomwepo, ndipo muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zifanana ndi za pa reji. Musataye mapepala a malipiro. Ndipo za K20 pa K100 zimene lamulo la 2023 linalola kutapa munthu asanapume, ine sindiletsa munthu, pakuti njala ya lero ndiidziwa, koma dziwani kuti mwadya mbeu.

Koma nkhalamba zambiri za muno sizinalowe konse m'buku limenelo. Amai amene anagulitsa tomato pa msika zaka 40, amene anaphwanya miyala m'mbali mwa mseu, abambo a maganyu ndi a mawilibala, bwana wao anali yani? Kwa iwo kuli buku lina, la ndarama za thandizo zimene Boma lipereka ku nyumba zosauka, zimene ambiri muzichula kuti Social Cash Transfer. Zinayambira ku Kalomo mu 2003, ndipo pang'ono-pang'ono zinafika m'maboma onse. Mu 2022 nyumba imodzi inali kulandira K200 pa mwezi, zoperekedwa pamodzi pa miyezi iwiri, ndipo nyumba ya munthu wolumala kwambiri inali kulandira kawiri pamenepo. Si ndarama zoti munthu adyere nyama. Koma funsani mai wosunga adzukulu anai amasiye ngati thumba la unga ndi sopo ndi zacabe.

Mvetsani kalowedwe kace, pakuti apa ndipo anthu athu agwera. Ndarama zimenezi sizituruka m'thumba la khansala, kapena la cipani ciriconse, ngakhale cathu cino. Ziri m'manja mwa a Social Welfare, ndipo maso ao m'komboni ndi kakomiti ka anthu odzipereka kochedwa CWAC, anthu okhala pakati pathu pomwe. Maina alembedwa, anthu a m'dera aitanidwa kuti amve maina aja ndi kuvomereza kapena kukana, ndipo pambuyo pace anchito a Boma ayendera nyumba kuona umphawi wace. Tsono ndani apita ku misonkhano imeneyo? Ife anchito tiri ku nchito. Nkhalamba yeni-yeni, ija yosayenda, yosamva bwino, imene uthenga suifika, iri gone m'kacipinda ka kuseri kwa nyumba. Amene afika ndi amene ali ndi miyendo ndi pakamwa.

Mu laini yathu muli mai wina wokalamba amene madzi a mvula analowa m'nyumba mwace naononga reji yace pamodzi ndi mapepala onse. Pa tsiku lolemba maina iye analibe coonetsa. Palibe amene anamcitira nkhanza, palibe amene anamuba. Analibe cabe munthu womgwira dzanja kupita naye ku polisi kukatenga kalata ya kutayika kwa reji, ndi kukaima naye pa mzere kuti apatsidwe ina. Ife oyandikana naye tinali kumpatsa ndiwo ndi kumcitira cisoni, ndipo cisoni cathu cinamcedwetsa nthawi yaitali. Ndinena ici ndi manyazi, pakuti ine wodziwa mabuku ndinali mmodzi wa opereka ndiwo.

Ndipo dzina likalowa nkhondo sinathe. Masiku ano ndarama zambiri zifika pa foni. Foni iri ndi yani? Nambala ya cinsinsi aidziwa ndani? Mdzukulu. Adzukulu ena ndi okhulupirika, Mulungu awadalitse. Ena agogo angomva kuti mwezi uno sizinabwere, pamene mnyamata wagula nsapato zatsopano. Ici si mlandu wa Boma iai, ndi mlandu wa m'nyumba zathu, ndipo nthambi iyenera kuunena poyera.

Za cipatala ndinena mwacidule. Kuyambira 2012 kulipira pa kiliniki ya Boma kunathetsedwa m'dziko lonse. Koma nkhalamba ya matenda a shuga kapena othamanga magazi ikaima pa mzere kucokera m'mawa, nipatsidwa kapepala kokagula mankhwala ku sitolo, kodi yathandizidwa? Benchi la okalamba ndi kuwaonetsa poyamba sizifuna ndarama za ku Nyumba ya Malamulo. Zifuna komiti ya zaumoyo ya pa kiliniki imene iri ndi anthu olankhula.

Tsopano Khonsolo. Lamulo la maboma ang'ono la 2019 linaika komiti ya citukuko m'wadi iriyonse, ndipo anthu a m'zigawo za wadi ndiwo asankha oimirira ao. Mu 2022 ndarama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mmodzi, ndipo pempho la nchito za m'dera liyambira ku komiti ya wadi imeneyo. M'ndaramazo muli gawo la ana a sukulu, la ophunzira nchito za manja, ndi la magulu a amai ndi acinyamata. Zonsezo ndi zabwino. Koma nkhalamba ipezamo kanthu pokha-pokha wina akaima m'komiti ndi kunena kuti pompi ya madzi ikhale pafupi, pakuti mai wa zaka 75 sangasenze cigubu ca malita 20. Kuti ngalande ikumbidwe kumene madzi alowa m'nyumba za okalamba. Kuti cimbudzi ca pa msika cikhale ndi pogwira. Kolera wa 2023 ndi 2024, amene anadzaza odwala mu Heroes Stadium, tonse tinamuona. Kodi pa msonkhano wa wadi wotsiriza, mwa inu muli pano, anapitako ndi angati? Kwezani manja. A Cheyamani, mwaona nokha.

Cinthu cina ndisaciiwale. Nkhalamba ikayamba kuiwala, nituruka usiku osadziwa kumene ipita, ife tithamangira kunena kuti mfiti yagwa. Ameneyo ndi matenda a ukalamba, abale. Ndipo kawiri-kawiri mukafufuza bwino mupeza kuti mfitiyo iri ndi nyumba ya mu 1996 ija, ndipo wina aifuna. Lamulo la dziko lino liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Lamulo la cuma ca masiye la 1989 linenanso kuti munthu akafa osalemba wilo, makolo ace alandire K20 pa K100 ya cuma cace. Ndi nkhalamba zingati zimene zidziwa ici?

Cimene cipani cathu ciyenera kupempha kwa Boma ndi ici: penshoni ya munthu aliyense wofika msinkhu wa ukalamba, popanda kumfunsa ngati agona pa mphasa kapena pa bedi. Si loto iai. Botswana inayamba mu 1996, Lesotho mu 2004, ndipo ngakhale kuno kwathu anayesa ku Katete mu 2007, kupatsa anthu a zaka 60 ndi kupitirira. Pamenepo buku likhala limodzi cabe, ndilo reji, ndipo palibe wocita kugwada kwa munthu kuti alembedwe. Dziko limene lakumba kopa zaka pafupi-fupi 100 lisatiuze kuti lilibe za unga wa amene anakumba.

Koma podikira zimenezo tisakhale manja lende. Loweruka likudzali, ikakwana 8 koloko m'mawa, tikumane pompano. Ndagula mabuku awiri a sukulu ndi ndarama zanga. Tidzayenda awiri-awiri, laini ndi laini, kulemba nkhalamba iriyonse: dzina monga liri pa reji, caka cobadwa, ngati reji iripo kapena inatayika, ngati alandira kanthu, ndi amene asunga foni. Sitidzafunsa khadi la cipani, ndipo wofunsa khadi abwerere kwao. Amene alibe reji tidzagawana masiku owaperekeza. Maina otsalawo tidzawapereka kwa a CWAC ndi kwa khansala pamaso pa anthu, ndipo buku limodzi lidzatsala kwa ife kuti mwezi wamawa tikafunse pamene afika. Ndifuna anthu 10 odziwa kulemba bwino, ndipo amai akhalepo ambiri, pakuti agogo akazi samasuka kwa mwamuna wacilendo. Amene muli okonzeka muonane nane pa khomo tisanabalalike, ndipo aliyense abwere ndi bolopeni yace.