Kadyedwe ka munthu wodwala khansa ya m'magazi ya CLL

Khansa ya m'magazi yotchedwa chronic lymphocytic leukemia, mwachidule CLL, imayambira m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwira. Asilikali ena a m'thupi amachulukana mopyola muyeso, koma opanda mphamvu yolimbana ndi matenda. Khansayi imagwira kwambiri achikulire, imakula pang'onopang'ono, ndipo siipatsirana. Wodwala amatuluka mwanabere wosapweteka m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, amatopa, amachita thukuta usiku ndi kuwonda. Matendawa amadziwika poyeza magazi, ndipo chipatala cha boma cha Mangochi chimatumiza ofunika thandizo lalikulu ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Palibe chakudya chochiza khansa imeneyi. Chakudya chimasunga mphamvu kuti thupi lipirire matenda ndi mankhwala. Muyeso wake ndi magulu 6 a zakudya omwe alangizi amaphunzitsa: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Kuno kunyanja gulu la zanyama silifuna chambo chodula. Usipa, utaka ndi kambuzi wa ku Malombe zimadyedwa ndi minga yomwe, choncho zimamanga thupi ndi kulimbitsa mafupa. Nandolo, khobwe, bonongwe, nkhwani wotendera, chammwamba, mango, papaya ndi malambe zimakwaniritsa mbale. Mgaiwa uli ndi chakudya chambiri kuposa ufa woyera. Tiyi asamwedwe pamodzi ndi nsima, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'ndiwo.

Kapamba akatupa chifukwa cha matendawa amapanikiza chifu, ndiye wodwala amakhuta atangodya pang'ono. Kumukakamiza mitanda itatu ya nsima n'kumuzunza chabe. Apatsidwe pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu n'kamodzi pa tsiku: phala lothira nsinjiro kapena ufa wa usipa, dzira lowiritsa, nthochi, futali. M'kamwa mukatuluka zilonda, zakudya zikhale zofewa, zosatentha kwambiri, zopanda tsabola.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi ukhondo wa chakudyacho. Tizilombo timene munthu wathanzi timangomutsegula m'mimba tsiku limodzi tingathe kugoneka wodwala CLL m'chipatala. Boma la Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe kolera wa 2022 ndi 2023 adasautsa kwambiri, ndipo njira zomwe matendawo adadzera zikadalipo. Madzi a m'nyanja, a mu Shire ndi a pachitsime chosatetezeka awiritsidwe kapena athiridwe kolorini, n'kusungidwa m'ndowa yovindikira. Nsomba zouma zimakhala pathandala ndi pamsika, pomwe pali ntchentche ndi fumbi, choncho zitsukidwe ndi kuphikidwa mpaka zipse. Nyama, mazira ndi mkaka zisadyedwe zosapsa. Mkute ndi ndiwo zogona zitenthetsedwe mpaka nthunzi ituluke, ndipo zikayamba kusasa zitayidwe. Mafirizi, thobwa ndi kachumbali wa pachiwaya, zomwe madzi ake sakudziwika, wodwala azipewe. Zipatso zitsukidwe ndi kusendedwa. Mtedza ndi chimanga za chuku zili ndi poizoni woononga chiwindi amene saatha ndi moto, kotero zisankhulidwe zisanapite kumtondo kapena kuchigayo. Wophika ndi wodya yemwe asambe m'manja ndi sopo, mothirirana.

Mabanja ambiri m'boma lino amasala m'mwezi wa Ramadan. Chisilamu chimalola wodwala kusasala, ndipo amene akuwonda kapena ali pa mankhwala ayenera kukambirana ndi dokotala komanso shehe mweziwo usanafike. Mowa ndi fodya zimafooketsa thupi lofooka kale. Mankhwala azitsamba ndi mabotolo otsatsidwa kuti amawonjezera magazi angathe kusokoneza mankhwala a kuchipatala. Kuchepa kwa magazi kwa CLL kawirikawiri kumachokera m'mafupa momwemo, ndiye masamba okha sangakuthetse.

Wosamalira wodwala azimuyezetsa sikelo pa tsiku lililonse la kuchipatala. Kutentha thupi, kutsegula m'mimba, kusanza kosalekeza, kutuluka magazi m'nkhama kapena kulephera kudya ndi kumwa zimafuna chipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa m'buku.