ASILIKARI OMANGA MAULALO

Dzinja likafika ku Mphamba, dziko la Atumbuka limene liri pafupi ndi boma la Lundazi, anthu sayang'ana mitambo yokha, amayang'ananso mitsinje. Mvula ya usiku umodzi ikhoza kudzaza mtsinje wa Lundazi ndi timitsinje tace, nikokolola dothi limene ulalo watsamirapo. Pamenepo lole ya feteleza iima tsidya lino, mai wapakati wopita ku cipatala aima tsidya lija, ndipo katundu amene mwana wa ku migodi anatumiza kwa makolo ace agona pa mseu. Ulalo ukagwa m'Zambia, kawiri kawiri boma limaitana asilikari, ndipo iwo amafika atasenza zitsulo, zingwe ndi nyundo. Ambiri amazizwa, nafunsana kuti, Kodi msilikari afunanji pa ulalo?

Gulu liri lonse la nkhondo liri ndi amisiri ace, pakuti ankhondo sangayende popanda njira, ndiponso sangakhale popanda msasa ndi madzi akumwa. Nchito ya amisiri amenewa ndiyo kutsegulira anzao njira, kutsekera adani njira, kukumba malinga ndi zitsime, ndi kuzula mabomba okwiriridwa m'nthaka. Amisiri a Zambia Army ali ndi malo ao ku Mufulira, pakati pa anthu a migodi. A Zambia National Service amalambula miseu ya kumidzi ndi kumanga madamu, ndipo tsidya la malire, ku Kasungu, kuli amisiri a ankhondo a Malawi. Anchito a ku migodi ali paubale ndi gulu limeneli. Pa nkhondo yaikuru yoyamba Angelezi analemba anthu okumba malasha kuti aboole njira za pansi, ndipo pa 7 June 1917, ku Messines m'dziko la Belgium, anaphulitsa mabomba 19 kunsi kwa malinga a Ajeremani. Amene amaboola mwala ku Nkana kapena ku Nchanga adziwa okha kuopsa kwa nchito yotere.

Koma cida cimene cinamveketsa amisiriwa ndico ulalo wa Bailey. Mwini nzeru yace anali Donald Bailey, Mngelezi wogwira nchito ya boma, amene anaukonza m'zaka za 1940 ndi 1941, pamene maulalo akale anali kulephera kusenza akasinja olemera. Nzeru yace inali yakuti ulalo ukhale wa zidutswa, ndipo cidutswa ciri conse cikhale coti anthu angathe kucinyamula ndi manja. Citsulo cimodzi ca m'mbali ncotalika mamita 3, cilemera makilogalamu 260, ndipo amuna 6 amacinyamula. Zitsulozi amazilumikiza ndi zikhomo zacitsulo zokhoma ndi nyundo. Pakafunika ulalo wolimba koposa, amaphatikiza zitsulo ziwiri kapena zitatu m'mbali, kapenanso kusanjikiza zina pamwamba pa zinzace.

Codabwitsa ndi kaolotsedwe kace. Amisiri salowa m'madzi ai. Ulalo wonse amaumangira pa mtunda, tsidya limene iwo ali, pamwamba pa tizitsulo togudubuzika. Kutsogolo kwace amaikako cigawo copepuka copanda matabwa, cimene amacicha mphuno. Akatero amayamba kukankha pang'ono pang'ono, namaonjeza zidutswa kumbuyo, kuti kulemera kwa kumbuyo kupose kwa kutsogolo. Mphuno ija imayenda m'malere pamwamba pa madzi kufikira itagunda tsidya lina. Mkuru wa nchito akalakwitsa ciwerengero ca kulemerako, ulalo wonse umagwera m'mtsinje camutu. Cifukwa cace amisiri amayamba ndi pensulo ndi pepala asanakhudze nyundo. Ulalo wotere ukhoza kudumpha mamita 60 popanda mzati pakati.

Makolo a omvera ena anauona ndi maso ao ulalo umenewu ku Burma. M'caka ca 1944 asilikari a Northern Rhodesia Regiment ndi a King's African Rifles, m'gulu lochedwa 11th East African Division, anatsika cigwa ca Kabaw m'kati mwa mvula, matope ndi malungo, nafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin kuciyambi kwa December. Mtsinjewo ngwaukuru, ndipo ndege za Ajapani zinali pafupi. Tsono amisiri a ku India anamangira zigawo za ulalo pa mabwato m'mtsinje wina wa pambali, wa Myittha, naziyandamitsa kufikira pa Chindwin. Pa 10 December ulalo unatha, wotalika mapazi 1,154, ndiwo mamita 350, ndipo pa nthawi imeneyo panalibe ulalo wa Bailey wouposa pa dziko lonse lapansi.

Nzeru yomanga ndiyonso nzeru yopasula, ndipo Zambia anaiphunzira mowawa. Mu October 1979 ankhondo a Rhodesia anaphulitsa maulalo awiri a pa Chambeshi, wa mseu ndi wa njanje ya TAZARA, nadula njira ya ku Dar es Salaam imene mkuwa unali kuturukira. Mwezi wotsatira anagwetsa ena, ndipo umodzi mwa iwo unali wa pa Chongwe, pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, umenenso anthu a ku Lundazi amayendamo. Ocita zimenezi anali anthu owerengeka cabe, odziwa malo eni eni oika bomba, koma dziko lonse linagwidwa pakhosi.

Masiku ano mdani wa maulalo a kum'mawa ndiye madzi. Namondwe wochedwa Freddy, mu March 2023, anapha anthu mazana mazana kumwera kwa Malawi, nagumula miseu kotero kuti midzi ina cakudya cinafikako pa ndege zokha. Mvula yotere siyang'ana malire. Nanga amisiri a ankhondo adzasowa ciani m'tsogolomo?

Coyamba ndico maso. Kale mmisiri anali kuyenda pansi ndi cingwe kuti ayese kukula kwa mtsinje, ndipo mseu ukaduka iye yemwe sanathe kufikako. Tsopano kuli tindege topanda munthu m'kati, tonyamula kamera, timene tingajambule gombe ndi kuonetsa muyeso wace tsiku lomwelo. Tindegeti sitidula ngati kasinja, koma tifuna anyamata ndi atsikana ophunzira masamu ndi kompyuta, odziwa kumasulira zimene tajambula. Gulu likagula makina osaphunzitsa anthu, makinawo amangocita dzimbiri m'nyumba yosungira.

Kulinso nkhani ya kulemera. Malole a masiku ano onyamula thonje, fodya ndi cimanga ngolemera kwambiri, ndipo amapita pa ulalo tsiku ndi tsiku, pamene ulalo wa Bailey anaukonzera miyezi yowerengeka ya nkhondo. Alipo maulalo atsopano a mtundu womwewo, monga a Acrow amene boma la Zambia linagula ku America, a zitsulo zolimbirapo ndi zosacita dzimbiri msanga. Koma ngakhale amenewo ali ndi malire ace, olembedwa pa cikwangwani ca pa ulalo. Woyendetsa lole amene anyoza cikwangwanico usiku, ndi munthu amene azula cikhomo kuti akasulitse khasu, amacita nchito yomwe ija anacita adani pa Chambeshi, ngakhale alibe bomba.

Cinthu cimene cicedwetsa thandizo koposa ndico mtunda. Kucokera ku Lusaka kufika ku Lundazi ndi makilomita oposa 700, ndipo mseu wa tara wocokera ku Chipata ndi umodzi. Zitsulo zikasungidwa kutali, ziyenera kuoloka Luangwa ndi mitsinje ina yambiri zisanafike pa ulalo umene wagwa, ndipo mvula imene yagwetsa umodzi ikhoza kugwetsanso wina pa njira yomweyo. Kukanakhala kwanzeru kuti zidutswa za ulalo umodzi kapena iwiri, pamodzi ndi kagulu ka amisiri odziwa kuzilumikiza, zidzifika ku Chipata kapena ku Lundazi komweko mwezi wa November usanathe, mvula isanakhwime.