KACHIPEWA KA "W" NDI PENSHONI YA MPHUNZITSI WOPUMA

Mawu amene mmodzi wa anzathu, yemwe akugwira ntchito m'boma, adalankhula pa msonkhano wathu wa pachaka.



Komiti itandipempha kuti ndidzalankhule za ntchito yanga ya makompyuta, ndidaganiza kuti ndisabwere kudzadzitama. Ndasankha kukuuzani za cholakwa chimene ndidachita ine mwini, chimene chidachedwetsa ndalama za penshoni za munthu wosalakwa. Gwero lake lidali kachilembo kamodzi, ŵ, kaja ka "w" wovala chipewa kamene timakaona m'mawu akuti Malaŵi, ndiponso kamene anzathu olankhula Chitumbuka amakalemba kawirikawiri, monga m'mawu akuti ŵanthu.

Amene tidali pano m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira momwe mayeso a Chichewa ankakonzedwera. Makina otayipira adalibe chilembo chimenechi, choncho otayipa ankamenya "w" wamba pa sitensulo, kenaka n'kujambula kachipewako ndi dzanja asadapite nayo ku makina a Gestetner. Ife tinkawerenga bwinobwino chifukwa munthu amawerenga ndi maso ndi nzeru. Kompyuta sichoncho. Iyo sidziwa chilembo ngakhale chimodzi, imangodziwa manambala. Kuti isunge mawu, pafunika pangano lonena kuti nambala yakuti ikuimira chilembo chakuti.

Pangano loyamba lofala lidapangidwa ku America m'chaka cha 1963 ndipo limatchedwa ASCII. Lili ndi malo 128 okha. Chilembo "A" chidapatsidwa nambala 65, "a" wamng'ono 97, ndipo "w" 119. Malowa adakwanira Chingerezi, koma zilembo za zinenero zina zidatsalira kunja. Popeza baiti imodzi, yomwe ndi kachipinda kamodzi kosungiramo zinthu m'kompyuta, imatha kusunga nambala kuyambira 0 mpaka 255, maiko ndi makampani adayamba kudzaza malo otsalawo aliyense m'njira yake. Zotsatira zake, nambala imodzi yomweyo inkatanthauza chilembo china ku France ndi chilembo chinanso ku Russia.

Pofuna kuthetsa chisokonezochi, m'chaka cha 1991 kudatuluka Unicode, kaundula mmodzi wopatsa chilembo chilichonse cha pa dziko lapansi nambala yakeyake. Lero muli zilembo ndi zizindikiro zoposa 140,000. Kachilembo kathu ka ŵ kali pa nambala 373, ndipo timagawana ndi anthu a ku Wales amene amakalembanso m'chinenero chawo. Koma taonani, 373 ndi yaikulu kuposa 255, kotero siingalowe m'baiti imodzi. M'chaka cha 1992 akatswiri awiri, Ken Thompson ndi Rob Pike, adakonza njira yotchedwa UTF-8, imene masamba ambiri a pa intaneti akugwiritsa ntchito lero. M'njira imeneyi zilembo za ASCII zimatenga baiti imodzi monga kale, pamene zilembo zina zimatenga ziwiri, zitatu kapena zinayi. Chilembo ŵ chimatenga ziwiri, ndipo zimenezi ndi 197 ndi 181.

Ndifanizire ndi minibasi. Mayi amene wakwera ndi thumba la chimanga amalipira mipando iwiri. Kondakitala akawerenga mipando anena kuti yadzaza isanu ndi iwiri, koma wina akawerenga mitu apeza anthu asanu ndi mmodzi. Onse awiri akunena zoona. Mawu akuti Malaŵi ali chimodzimodzi: zilembo ndi 6, mabaiti ndi 7. Vuto limayamba munthu akati, "Ndiitanireni wachisanu." Kodi akunena munthu wachisanu kapena mpando wachisanu?

Funso limeneli ndilo limasiyanitsa zinenero zolembera mapulogalamu. Mndandanda wa zilembo timautcha string, ndipo nambala yolozera malo mumndandandamo timaitcha index. Zinenero zambiri zimayamba kuwerenga pa 0, choncho "M" ali pa malo 0 ndipo chilembo chachisanu chili pa malo 4. Python 3, imene idatuluka mu 2008, imawerenga mitu. Mukaifunsa utali wa Malaŵi iyankha 6, ndipo mukapempha chimene chili pa malo 4 ikupatsani ŵ wathunthu. Chinenero cha Go, chimene Thompson ndi Pike omwewo adathandiza kupanga ku Google, chimawerenga mipando. Utali iyankha 7, ndipo pa malo 4 ikupatsani nambala 197, theka chabe la chilembo. Chinenero cha Rust chimakaniratu kuti mutole chilembo ndi nambala mwa njira imeneyi, pofuna kukukakamizani kuti munene poyera ngati mukufuna mabaiti kapena zilembo. Musaganize kuti amene adapanga Go ndi Rust adalakwitsa. Mu UTF-8 zilembo ndi zosiyana kukula, kotero kuti upeze chilembo cha nambala 500 uyenera kuyenda kuchokera koyambirira n'kumawerenga chimodzichimodzi. Kutola baiti ya nambala 500 n'kwachangu, koma kumatha kukugwetsa pakati pa chilembo.

Tsopano ndifike pa cholakwa changa. Zaka zingapo zapitazo ndidapatsidwa ntchito yosamutsa maina a anthu opuma pa ntchito kuchoka m'kaundula wina kupita m'kaundula wina wakale, amene malo ake olembamo dzina adali a mabaiti 20 okha. Ndidalemba kapulogalamu kodula dzina lililonse lotalika pa baiti ya 20. Ndidakayesa ndi maina ambirimbiri ndipo kadayenda bwino, chifukwa maina onse amene ndidayesera adali a zilembo wamba. Koma mumndandandamo mudali bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, amene dzina lake lidali lalitali ndipo lidali ndi ŵ. Mwatsoka chilembocho chidagwera pa baiti ya 20 ndi ya 21. Mpeni wanga udadula pakati, 197 idatsala ndipo 181 idatayika. Kompyuta yolandira itaona theka la chilembo idakana mzere wonsewo, ndipo dzina la bamboyo silidatuluke pa mndandanda wa olandira ndalama.

Bamboyo adabwera ku ofesi katatu kuchokera kumudzi, ulendo uliwonse ndi ndalama zokongola. Kawiri konse adauzidwa kuti dzina lake silikupezeka. Ulendo wachitatu adafika pa tebulo langa atanyamula makalata ake onse m'jumbo, kuphatikizapo kalata yomulemba ntchito imene idatayipidwa pa makina akale aja, kachipewa kali kojambula ndi dzanja. Nditangoona kachipewako mtima udagunda, ndipo pasadathe ola ndidapeza pamene ndidalakwa. Ndidawauza chilungamo kuti wolakwa ndine. Sadandikalipire. Adangondifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi kusukulu sadakuphunzitseni kuwerenga dzina la munthu mpaka kumapeto?" Ndalama zawo zidatuluka mwezi wotsatira, koma funso lawo ndikadali nalo.

Pofufuza nkhaniyi ndidapezanso misampha ina itatu imene ndikufuna muidziwe, ngakhale inu amene simulemba mapulogalamu.

Woyamba ndi wakuti Unicode imalola kulemba ŵ m'njira ziwiri. Mutha kulemba nambala 373 yokha, kapena kulemba "w" wamba n'kutsatiza nambala 770, yomwe ndi kachipewa pakokha, monga momwe ankachitira otayipa athu aja. Pa maso zonse zimaoneka chimodzimodzi, koma kompyuta ikaziyerekeza imati ndi maina awiri osiyana, ndipo ngakhale Python iwerenga 7 m'malo mwa 6. Wolemba pulogalamu ayenera kuyamba wasandutsa maina onse kukhala a kalembedwe kamodzi asadayambe kuwayerekeza.

Wachiwiri ndi kutsekula fayilo ndi pangano lolakwika. Fayilo ya UTF-8 ikawerengedwa ndi pangano lakale la Windows-1252, mabaiti 197 ndi 181 amaoneka ngati zilembo ziwiri, ndipo Malaŵi amasanduka MalaÅµi. Kachizindikiro kaja ka m'mawu akuti ng'ombe nakonso kamavuta. Microsoft Word imakonda kukasintha kuti kakhale kopindika, ndipo kopindikako kamatenga mabaiti atatu, choncho mawuwo amatuluka ngati ngâ€™ombe. Tangoganizani kuchuluka kwa maina athu oyamba ndi Ng'.

Wachitatu ukukhudza thumba lanu. Uthenga wa SMS wa zilembo wamba umalola zilembo 160. Mukangoikamo ŵ mmodzi, foni imasinthira ku kalembedwe kena kamene kamalola zilembo 70 zokha, ndipo uthenga umene mumayesa umodzi umalipiridwa ngati awiri kapena atatu.

Ena anganene kuti njira yapafupi ndi kungosiya kulemba kachipewako, ndipo n'zoona kuti ambiri a ife masiku ano timangolemba Malawi. Koma dzina la munthu ndi lake. Ngati pa satifiketi yake, pa kalata ya malo ake kapena ya ukwati wake padalembedwa ŵ, si ntchito ya kalaliki kapena ya kompyuta kumusinthira dzina. Zipangizo zolembera dzinalo molondola zilipo kuyambira m'ma 1990. Chimene chimasowa ndi chisamaliro cha ife ogwira ntchito.

Choncho ndili ndi mapempho atatu. Kwa nonse, onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa mofanana pa chitupa cha unzika, ku banki ndi ku ntchito, ndipo muchite zimenezi nthawi yopuma isadafike, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa a Mlembi a bungwe lathu, posunga kaundula wa mamembala kuchokera mu Excel sankhani pamene palembedwa CSV UTF-8, kuti maina a anzathu asaonongeke. Kwa achinyamata amene mukuphunzira za makompyuta, poyesa pulogalamu yanu musayesere maina a Chingerezi okha. Ikanimo Malaŵi, ikanimo ng'ombe, ikanimo dzina lalitali la agogo anu, ndipo nthawi zonse mudzifunse ngati mukuwerenga zilembo kapena mabaiti. Ngati a Hedimasitala angalole, ndine wokonzeka kubwera Loweruka lina teremu ikubwerayi kudzachita phunziro limeneli ndi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 popanda malipiro.

 Mulungu adalitse sukulu yathu ndi bungwe lathu.